Mafupa a mwana wanga akupweteka mosinthasintha, koma akuti mulibe tizilombo

Mayi wina wanditumizira uthenga uwu, ndangoufupikitsa pang'ono:

"Adokotala, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 10. Chaka chatha anayamba kudandaula mwendo wakumanzere, m'munsi mwa bondo. Poyamba tinkati mwina anagwa posewera, ena n'kumati ndi kukula. Kenako anayamba kutsimphina, usiku n'kumadzuka akulira. Kuchipatala anamujambula X-ray, n'kutiuza kuti fupa lagwidwa ndi tizilombo. Analandira maantibayotiki kwa milungu 6. Anapezako bwino, koma patatha miyezi ingapo ululu unabwerera, ulendo uno pakakolo pa mwendo winawo. Anamupatsanso maantibayotiki. Panopa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi latupa. Anadula kachidutswa ka fupa n'kukayeza, akuti mulibe tizilombo, mulibenso khansa. Dokotala wina watchula dzina loti CRMO, n'kungotipatsa naproxen. Ine mtima sukukhala m'malo. Matenda a fupa angathe ndi mankhwala opha ululu? Ndimamupatsa akadandaula basi, ndikuopa kumuwonongera m'mimba. Masiku ano akumanenanso msana akakhalitsa m'kalasi. Kodi alumala? Kodi pali chimene ndinalakwitsa?"

Zikomo mayi polemba, ndipo pepani ndi ulendo wautali umene mwayenda ndi mwanayu. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene limawasowetsa tulo makolo ambiri. Palibe chimene munalakwitsa. Matenda amenewa sabwera chifukwa cha zakudya, ukhondo, kugwa kapena kuchedwa kupita kuchipatala. Sapatsirananso, choncho abale ake angathe kugona naye, kudya naye ndi kusewera naye mopanda mantha. Ana ambiri amene ali ndi vutoli, akalandira chithandizo choyenera, amakula bwino, amayenda, amathamanga, amamaliza sukulu ngati anzawo. Komabe mu uthenga wanu muli zinthu ziwiri zimene sindikufuna kuti zidutse mwakachetechete, kamwedwe ka naproxen ndi nkhani ya msana. Ndifika pamenepo. Mwanayo sindinamuone, ndiye zimene ndilembe pano zikuthandizeni kukambirana bwino ndi dokotala amene akumuona, zisalowe m'malo mwake.

CRMO ndi chidule cha chronic recurrent multifocal osteomyelitis, kutanthauza kutupa kwa mafupa kokhalitsa, kobwerezabwereza, kogwira malo angapo. Madokotala ambiri masiku ano amakonda dzina lakuti CNO, chronic nonbacterial osteomyelitis, kutanthauza kutupa kwa fupa kokhalitsa kopanda mabakiteriya, chifukwa ana ena vutoli limawagwira fupa limodzi lokha ndipo silibwerezabwereza. Mukamva maina awiriwa musaganize kuti mwana ali ndi matenda awiri. Dokotala wina wa ku Switzerland, Giedion, pamodzi ndi anzake, ndi amene anayamba kulemba za ana oterewa mu 1972. Matendawa amakonda ana a zaka zapakati pa 7 ndi 12, ndipo atsikana ndi amene amachulukirapo. Mwana wanu ali pamsinkhu weniweniwo.

Chimene chimachitika ndi ichi. Thupi lili ndi chitetezo chimene chimayambitsa kutupa pakalowa tizilombo, kuti titheretu, kenako chimazimitsa kutupako ntchito ikatha. Mwa ana a CNO, mbali ya chitetezo imene munthu amabadwa nayo imayambitsa kutupa mkati mwa fupa popanda kachilombo kalikonse, ndipo siizimitsa msanga. Timichere timene timakoleza kutupa, monga TNF, IL-1 ndi IL-6, timachuluka, pomwe IL-10 amene amaletsa kutupa amachepa. Kutupako kumadzutsa maselo amene ntchito yake ndi kudya fupa lakale, ndiye fupa limadyeka pena, pena n'kumakhuthala pofuna kudzikonza. N'chifukwa chake fupa la m'munsi mwa khosi lija likuoneka lotupa komanso lolimba mukaligwira. Mulibe mafinya, ndipo palibe chofunika kuchita kuboola kapena kufinya.

Malo amene mwatchulawo ndi omwewo amene matendawa amakonda: nsonga za mafupa aatali a miyendo, pafupi ndi pamene fupa limakulira, makamaka kuzungulira bondo ndi kakolo. Amakondanso mafupa a m'chiuno, a phazi, nsagwada ya m'munsi, fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, ndi mafupa a msana. Fupa lopingasalo limatithandiza kwambiri ife madokotala, chifukwa mabakiteriya salikonda kawirikawiri. Mwana wa msinkhu umenewu akabwera litatupa chakumapeto kwake kwa pachifuwa, thupi lisakutentha kwenikweni, ndipo m'mbuyomu anadwalapo fupa lina, maganizo amathamangira ku CNO.

Mwina mukudzifunsa chifukwa chake zinatenga chaka kuti dzinali litchulidwe. Si inu nokha, ana ambiri amatha chaka kapena kuposerapo asanadziwike. Palibe kuyeza magazi kumene kumanena kuti awa ndi CNO. Dzinali timafikapo titachotsa kaye matenda ena onse amene amafanana nawo, ndipo ena mwa iwo ndi oopsa kwambiri. Tsiku loyamba lija, mwana ali ndi fupa limodzi lopweteka ndipo X-ray ikuonetsa kudyeka, dokotala aliyense wosamala amayamba waganiza za mabakiteriya, makamaka Staphylococcus aureus, chifukwa amenewo, chithandizo chikachedwa, amawononga fupa m'masiku ochepa. Ndiye maantibayotiki oyambawo sindingawadzudzule. Chimene chimasokoneza n'chakuti CNO imachita kubwera n'kupita yokha, komanso mwana akagonekedwa amapuma ndi kulandira mankhwala ochepetsa ululu. Akapezako bwino, aliyense amatamanda maantibayotiki. Koma fupa lachiwiri likayamba, lachitatu n'kutsatira, kulabotale osamera kachilombo ngakhale kamodzi, pamenepo kupitiriza maantibayotiki n'kungomuvutitsa mwana. Sathandiza pa matendawa.

Matenda ena ofunika kuwachotsa ndi awa. Pali TB ya m'mafupa, imene imayenda pang'onopang'ono, imakonda msana, ndipo siionekera pa kuyeza wamba kwa mabakiteriya, imafuna kuyeza kwakekwake. Pali khansa ya m'magazi, leukemia, imene mwa ana ena imayamba ndi kupweteka kwa mafupa basi, magazi akuoneka ngati ali bwino. Pali khansa za m'fupa momwemo, Ewing sarcoma ndi osteosarcoma, komanso lymphoma ndi matenda ena otchedwa Langerhans cell histiocytosis amene amaboola timabowo m'mafupa angapo. Matenda a sickle cell nawo amapweteketsa mafupa mobwerezabwereza, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Ngakhale kusowa kwa vitamini C, mwa mwana amene amasankha kwambiri zakudya, kungaonetse zithunzi zofanana ndi za CNO pa MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi. Kachidutswa ka fupa kamene anadula kaja kanayankha mafunso ambiri mwa amenewa, ndipo zotsatira zoti mulibe khansa ndi uthenga wabwino umene muyenera kuulandira ndi manja awiri. Chimene ndingakupempheni n'chakuti mufunse momveka bwino ngati kachidutswako kanayezedwanso TB, ndiponso ngati magazi anaonedwa onse, ofiira, oyera ndi othandiza kuundana. Funsoli si lonyoza dokotala. Likufunika chifukwa mankhwala ena amene mwana angadzapatsidwe m'tsogolo amafooketsa chitetezo, ndipo sitiwayamba TB kapena leukemia zisanachotsedwe.

Za magazi ndiwonjezere pang'ono. Pali zoyeza ziwiri zosonyeza kutupa m'thupi, ESR ndi CRP. Mwa ana a CNO zimakwera pang'ono chabe, kapena zimangokhala bwinobwino ngakhale mwana akulira ndi ululu. Ndaonapo makolo akubwezedwa kunyumba ndi mawu oti magazi ali bwino, ndiye mwana akunamizira. Magazi abwino sakutanthauza kuti fupa lili bwino. Mbali inayi, CRP ikakwera kwambiri, mwana akutentha thupi koopsa ndipo akuoneka wodwala, tisathamangire kunena kuti ndi CNO yake yomweyi. Mwana wa CNO angathenso kugwidwa ndi mabakiteriya ngati mwana wina aliyense.

Tsopano msana, ndipo pano ndikhalitsapo. Mwanena kuti amadandaula msana akakhalitsa m'kalasi. N'kutheka kuti ndi kutopa chabe, kapena kakhalidwe kopendekera chifukwa chozemba ululu wa mwendo. Koma mwa mwana amene ali ndi CNO, kupweteka kwa msana sitikutenga ngati nkhani yamasewera mpaka titaona chithunzi. Mafupa a msana ndi timidadada tosanjikizana timene timasenza thupi lonse. Kamodzi kakadyeka mkati, kamatha kuphwatalala, ndipo fupa la msana likaphwatalala nthawi zambiri silibwerera pa msinkhu wake wakale. Angapo akatero, msana umapindika, mwana n'kuyamba kuoneka ngati ali ndi linunda kapena wopendekera mbali imodzi. Chovuta china n'chakuti ana ena amakhala ndi kutupa m'msana popanda ululu uliwonse. Fupa la mwendo limatipatsa nthawi yoyesa mankhwala pang'onopang'ono. La msana silitipatsa nthawi yotero.

X-ray siikwanira pamenepa. Imaonetsa fupa likawonongeka kale, ndipo kumayambiriro imatha kuoneka yabwinobwino. Chofunika ndi MRI, imene imaona kutupa kwa mkati mwa fupa fupalo lisanadyeke, ndipo ilibe cheza choopsa ngati cha X-ray kapena CT. Njira yabwino koposa ndi MRI ya thupi lonse, chifukwa imatulukira malo ena amene mwana sanadandaulepo. Kupezeka kwa malo ambiri, mwachitsanzo mbali zonse ziwiri za mawondo, kumalimbikitsanso kuti dzina la CNO ndi lolondola, moti ana ena safunikanso kudulidwa fupa. Ngati MRI ya thupi lonse siitheka, pemphani ya msana wonse, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Mwana wa zaka 10 kawirikawiri safunika kugonetsedwa tulo. Mungomuuziratu kuti makinawo amachita phokoso, sapweteka, ndipo ayenera kugona osagwedezeka kwa kanthawi ndithu. Musadikire tsiku lotsatira limene anakulemberani ngati lili patali. Pitani mukanene za msanawo sabata ino, ndipo mpaka chithunzi chitaoneka asiye kaye kudumphadumpha, kunyamula zolemera ndi masewera ogundana.

Tibwere ku naproxen. Ndikumvetsa chifukwa chake mukuona ngati anakupatsani mankhwala ongotonthoza. Naproxen ali m'gulu limodzi ndi ibuprofen ndi diclofenac, gulu lotchedwa NSAID. Amachepetsa ululu, inde, koma amatero poletsa thupi kupanga ma prostaglandin, omwe ndi amene amakoleza kutupa ndi kudzutsa maselo odya fupa aja. Pa CNO, naproxen ndi mankhwala enieni a matendawo, ndipo ndi amene timayambira kwa mwana amene msana wake sunakhudzidwe. Koma amagwira ntchito imeneyi pokhapokha akamamwedwa tsiku lililonse, kawirikawiri m'mawa ndi madzulo, pa mlingo wogwirizana ndi kulemera kwa mwana, kwa miyezi ingapo, kaya ululu ulipo kaya palibe. Mmene mukumupatsiramo, akadandaula basi, akungopeza mpumulo wa maola ochepa pomwe kutupa kukupitirira. Zili ngati makala okwiririka ndi phulusa: pamwamba pazizira, koma pansi moto ulipo. Pa MRI timaona fupa likadali lotupa miyezi ingapo mwana atasiya kudandaula. Ndiye tsiku losiyira mankhwala alinene dokotala ataona mmene mwana alili ndi zithunzi zake, ndipo nthawi zambiri amachepetsa pang'onopang'ono.

Mantha anu okhudza m'mimba ali ndi maziko, sindikuwapeputsa. Komabe ana ambiri amamwa naproxen kwa nthawi yaitali popanda vuto lalikulu, kusiyana ndi anthu achikulire. Azimwa atadya, azimwa madzi okwanira. Akamadandaula kutentha pamtima kapena kupweteka m'mimba, dokotala angawonjezere mankhwala oteteza m'mimba monga omeprazole. Musamupatse ibuprofen, diclofenac kapena aspirin pamwamba pa naproxen, ndipo muziwerenga mankhwala a chimfine ogula, chifukwa ena amakhala ndi zomwezo mkati. Ululu ukakula, paracetamol ndi amene angawonjezeredwe. Tsiku limene akusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, muyambe mwaimitsa naproxen mpaka ayambenso kumwa madzi bwino, chifukwa thupi likauma mankhwalawa amavulaza impso. Akadwala katsabola, imitsaninso n'kufunsa dokotala. Chimbudzi chakuda bii kapena masanzi a magazi ndi chifukwa chosiyira nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala. Dokotala aziyeza magazi ndi impso pakapita nthawi.

Tinganene kuti naproxen walephera pokhapokha mwana atamwa mokhulupirika kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, ululu osasintha kapena malo atsopano n'kumatulukabe. Panopa sitinganene zimenezo, chifukwa sanayesedwe mokwanira. Izi mukamuuze dokotala mosabisa. Akapanda kudziwa kuti mwana ankamwa mwa apo ndi apo, angaganize kuti mankhwalawo akanika, n'kuthamangira kwa ena amphamvu amene mwina sakufunika.

Naproxen akakanikadi, kapena msana ukapezeka kuti wakhudzidwa, njira zina zilipo. Mu 2018 bungwe la madokotala a nyamakazi ya ana la ku North America, lotchedwa CARRA, linafalitsa njira zitatu zimene madokotala amasankhapo. Mankhwala onsewa anabwerekedwa ku matenda ena a nyamakazi ndi a mafupa, ndipo kusankha kumadalira fupa limene lakhudzidwa ndi matenda ena amene mwana ali nawo.

Njira imene ndimaiyang'ana poyamba msana ukakhudzidwa ndi ya mankhwala otchedwa bisphosphonate, makamaka pamidronate kapena zoledronate. Amaperekedwa kudzera m'diripi. Pamidronate kawirikawiri amaperekedwa masiku 3 otsatizana pa miyezi 3 iliyonse, kapena tsiku limodzi mwezi uliwonse. Amagwira maselo odya fupa aja, ndipo mwa ana ambiri ululu umatsika mofulumira modabwitsa, m'masiku ochepa. Diripi yoyamba imabweretsa kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, zimene zimachepa pa maulendo otsatira. Ndimawauziratu makolo zimenezi, apo ayi amaganiza kuti mankhwala amudwalitsa mwana n'kukana kubweranso. Asanayambe timayeza calcium, vitamini D ndi impso, chifukwa mankhwalawa amatsitsa calcium m'magazi, ndipo timapempha kuti mano aonedwe, ovunda akonzedweretu. Mankhwalawa amakhala m'mafupa kwa zaka, n'chifukwa chake sitiwapereka mwachisawawa.

Njira yachiwiri ndi majakisoni oletsa TNF, monga adalimumab, etanercept ndi infliximab. Amagwira bwino ntchito, makamaka kwa mwana amene alinso ndi nyamakazi ya molumikizira mafupa kapena kutupa kwa matumbo. Ndi odula, ndipo amafooketsa chitetezo, moti TB yogona m'thupi imatha kudzuka. Kuyeza TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B kumachitika asanayambe, osati pambuyo. Ana ena amatuluka zotupa za pakhungu za psoriasis ali pa majakisoniwa. Njira yachitatu ndi methotrexate kapena sulfasalazine. Kunena zoona, pa kutupa kwa m'fupa mwenimwenimo amenewa sandikhutiritsa ngati njira ziwiri zinazo, koma amathandiza pamene molumikizira mafupa mwatupanso, ndipo amapezeka mosavuta. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Kulakwitsa pamenepa kungaphe munthu, ndiye tsiku lake lilembedwe poonekera. Amayendera limodzi ndi folic acid komanso kuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi, ndipo amawononga mwana wosabadwa, nkhani imene idzafunika kukambidwa mtsikanayu akadzatha msinkhu. Mwana amene ali pa methotrexate kapena majakisoni aja asalandire katemera wokhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa musanafunse dokotala.

Prednisolone, mankhwala oletsa kutupa a m'gulu la steroid, ndimutchule payekha, chifukwa amanyenga. Amathetsa ululu msanga, ndipo kumwa kwa masiku ochepa kapena milungu ingapo nthawi imene matenda abuka kwambiri n'kololedwa. Koma akangosiyidwa ululu umakonda kubwerera, ndipo kumwa nthawi yaitali kumafewetsa mafupa omwe tikufuna kuwateteza aja, kumachedwetsa kukula, kumanenepetsa. Choopsa china n'chakuti amabisa leukemia kwa kanthawi ndi kukulitsa TB. Musamugulire nokha, ngakhale wina atakuuzani kuti mwana wake anachira nawo. Opaleshoni nayo si mankhwala a CNO. Kupala kapena kudula fupa lotupalo sikuletsa matendawa kubukira pena, ndipo fupa la m'munsi mwa khosi lija limaphwa pang'onopang'ono kutupa kukazima, ngakhale lingatsale lokhuthalako.

Pali zina zimene inu monga kholo mungaone msanga kuposa ife. CNO ili pachibale ndi matenda ena a khungu ndi a matumbo. Muziyang'ana zikhatho ndi mapazi ake kunsi ngati kukutuluka timatuza ta mafinya tobwerezabwereza, m'mutu ndi m'zigongono ngati muli mabala okhuthala osupuka, ndiponso ziphuphu zikuluzikulu zopweteka akamakula. Kutsegula m'mimba kosatha, magazi m'chimbudzi, zilonda za m'kamwa zobwerabwera, kuwonda kapena kusakula, zingasonyeze kutupa kwa matumbo monga matenda a Crohn. Zimenezi zikaoneka zimasintha kasankhidwe ka mankhwala, chifukwa naproxen amatha kukulitsa vuto la matumbo lotero. Ana ambiri a CNO sakumana nazo, koma ndi bwino kuzidziwa.

Kodi alumala? Ndikuyankheni mosabisa. Ana ambiri salumala. Matendawa amayenda mosiyanasiyana: ena amadwala kamodzi kapena kawiri n'kutheratu, ena amabuka n'kuzima kwa zaka zingapo kenako n'kukhala chete akamakula, ndipo ena ochepa amapitirira nawo mpaka ukulu. Sasanduka khansa. Zilema zimene timaziopa ndi ziwiri, kupindika kwa msana kumene ndafotokoza kuja, ndi kusokonekera kwa pamene fupa limakulira, zimene zingachititse mwendo wina kutalika kuposa unzake kapena bondo kupindika. Zonsezi zimachitika kawirikawiri pamene kutupa kwasiyidwa nthawi yaitali osazimitsidwa. Ndiye pa ulendo uliwonse wa kuchipatala, msinkhu wake uyezedwe, miyendo ifananizidwe, msana uonedwe ataimirira komanso atawerama. Ngati n'kotheka, aonedwe ndi dokotala wa nyamakazi ya ana, amene pachizungu amati paediatric rheumatologist. Kumene kulibe, dokotala wa ana ndi wa mafupa angagwirizane, bola pakhale mmodzi amene akusunga mbiri yonse. Inunso sungani zithunzi zonse ndi zotsatira za kachidutswa kaja pamalo amodzi, kuti dokotala watsopano asadzayambenso maantibayotiki poganiza kuti ndi nkhani yatsopano.

Kusukulu apitebe. Msana ukapezeka kuti uli bwino, azisewera mmene thupi likumulolera, chifukwa kugona kwambiri kumafooketsa minofu ndi mafupa omwe. Kuyenda ndi kusambira ndi zabwino, ndipo a fiziyo angamuthandize kusiya kutsimphina, kumene nthawi zina kumatsalira ngati chizolowezi ululu utatha. Aphunzitsi auzidwe kuti mwanayu angaoneke wathanzi lero, mawa n'kulephera kukwera masitepe, ndipo si ulesi. Chimene chimawapweteka kwambiri ana amenewa, mmene ndaonera pa zaka zimene ndakhala ndikuwathandiza, ndi kusakhulupiriridwa. Matenda awo saoneka ndi maso, ndiye amamva mawu oti akufuna kujomba kapena akudzikondetsa. Ena amafika pobisa ululu poopa jakisoni kapena poopa kudandaulitsa amayi awo. Mumpatse kabuku kakang'ono kuti azilemba yekha pamene papweteka, nthawi yake, ndi ngati ululu wamudzutsa usiku. Kabuku kameneka kamatithandiza kwambiri posankha zochita. Ndipo mukaona kuti ululu wafalikira thupi lonse, sakugona, wasiya kucheza ndi anzake, pomwe zithunzi zikuonetsa kuti mafupa azima, yankho si kuwonjezera mankhwala amphamvu. Ululu wokhalitsa umatha kuchititsa mitsempha kumva kuwawa mopitirira, ndipo zimenezi zimathandizidwa ndi fiziyo, tulo tokwanira ndi uphungu.

Zinthu izi zikachitika musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala, pitani tsiku lomwelo: msana ukayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, akamalephera kukodza kapena kudziletsa mkodzo ndi chimbudzi, akakana kupondera mwendo, kapena thupi likatentha kwambiri pamodzi ndi fupa lofiira lotentha. Akakhala pa mankhwala ofooketsa chitetezo, kutentha thupi kulikonse kumafunika kuonedwa. Ndipo ngakhale kachidutswa kaja kanatuluka bwino, mukaona akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akuyera m'maso ndi m'manja ngati wosowa magazi, akutuluka mikwingwirima popanda kumenyedwa, kapena chotupa chikukula mofulumira, kanenereni kuti ayezedwenso kuyambira pachiyambi. Dokotala wabwino sakwiya ndi pempho lotero, chifukwa dzina la CNO timaliunikanso nthawi iliyonse imene matenda ayamba kuyenda mosiyana ndi mmene timayembekezera.

Sabata ino ntchito yanu ndi yochepa. Bwererani kwa dokotala amene anatchula CRMO uja, mumuuze za msana ndi kupempha MRI, mumuuze mmene naproxen wakhala akumwedwera kuti akuwerengereni mlingo woyenera kulemera kwa mwana panopa, ndipo mufunse ngati TB ndi sickle cell zinayezedwa. Zotsatira za MRI zikatuluka mundilemberenso, tidzaone limodzi ngati naproxen yekha akukwanira kapena pakufunika kuganizira za diripi ija.